Kuika wake plate pa boti lakale la ski: mafunso ndi mayankho

Maboti okokera anthu otsetsereka pamadzi amene anapangidwa ku America m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 sanathe. Ambiri akadali kulira m'nyanja ndi m'madamu. Anawapangira ntchito imodzi yokha, yokoka munthu mmodzi pa liwiro lalikulu m'madzi abata, koma mwini wake wa lero amafuna zambiri: m'mamawa limukoke iyeyo pa ski imodzi, masana likoke ana pa wakeboard, madzulo litenge banja lonse ndi alendo omwe. Akaona kuti maboti atsopano ali ndi kachitsulo kumbuyo kamene woyendetsa amakweza ndi kutsitsa pongodina batani, mtima umayamba kufunsa ngati lakalelo silingamangidwe kachitsulo komweko. Lingathe ndithu. Koma ntchito yake ndi yoboola mabowo pamalo omira m'madzi, choncho ndi bwino kudziwiratu chimene chitsulocho chingachite ndi chimene sichingachite dirilo isanalire.

Kodi wake plate n'chiyani kwenikweni?

Ndi chitsulo chophwatalala chimene chimamangidwa ndi hinji m'munsi mwenimweni mwa khoma lakumbuyo la boti, pakatikati, pamene madzi amasiyanirana ndi mimba ya boti. Mbali ya ku hinji imakhala pomwepo, yakunja ndi imene imakwera ndi kutsika. Mukachitsitsa, madzi amene akuthamanga pansi pa boti amachimenya n'kupatukira pansi, ndipo potero amakankhira kumbuyo kwa boti m'mwamba. Kumbuyo kukanyamuka, mphuno imagwa. Ntchito yake ndi imeneyi basi. Zina zonse zimene anthu amachitamandira nazo zimachokera pamenepa.

Ndi m'bale wake wa zitsulo zotchedwa trim tab zimene makampani ngati Bennett Marine ndi Lenco Marine a ku Florida amapanga. Zimenezo zimamangidwa ziwiri, china kumanja china kumanzere, kuti ziwongole boti lopendekeka. Wake plate imakhala imodzi, ndipo popeza ili pakati, imalandiranso madzi amene pulopela ikulavula. N'chifukwa chake kachitsulo kooneka kakang'ono kamatha kusintha mayendedwe a boti lolemera kupitirira tani imodzi.

Musungenso ichi m'mutu: mphamvu ya madzi pa chitsulo siikwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Kapendekedwe kamene simukukamva n'komwe pa makilomita 29 pa ola kamakhala nkhani ina pa makilomita 58.

Bwanji boti la injini yopachika kumbuyo silifuna chitsulo chotere?

Chifukwa injini yakeyo imapendeka. Aliyense amene anayang'anitsitsapo injini za Yamaha zimene asodzi amapachika pa maboti ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay anaona mzere wa mabowo ndi kachitsulo kolowetsa pa bowo limodzi. Mukakasuntha, pulopela imakankha madzi mopendekera kwina, mphuno ya boti n'kukwera kapena kutsika. Pa injini zikuluzikulu zimenezi zimachitika ndi batani. Ngati boti lanu lili ndi injini yotere, nkhani ino siikukukhudzani kwenikweni.

Boti lenileni la ski ndi losiyana. Kuyambira pa Ski Nautique imene kampani ya Correct Craft inatulutsa mu 1961, kudzafika pa MasterCraft imene inayamba mu 1968 ndi Malibu mu 1982, kapangidwe kanali kamodzi. Injini ya V8 yochokera ku magalimoto, kawirikawiri Ford 351 kapena Chevrolet 350, imakhala pakati pa boti, shafiti n'kutulukira pansi mopendekera, pulopela ili kunsi kwa mimba, tsigiro lili kumbuyo kwake. Shafiti imeneyi siisuntha. Mmene anaipendeketsera ku fakitale ndi mmene idzakhalire mpaka boti litatha. Tsono opanga ankakonzeratu kakhalidwe ka boti pamadzi poumba mimba yake, ndipo ambiri ankapinda pang'ono kumapeto kwa mimbayo moloza pansi kuti mphuno izikhala yotsika pa liwiro la mpikisano. Kupinda kumeneku, kumene amisiri amati hook, kumagwira ntchito ya wake plate yosasunthika, youmbidwira m'thupi la boti momwemo.

Ana anga akufuna funde lalikulu lodumphira pa wakeboard. Kodi chitsulochi chiwapatsa?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimalowera m'madzi. Funde limene boti limasiya m'mbuyo limakula malinga ndi kuchuluka kwa madzi amene botilo likukankha, ndipo kuti likankhe ambiri, kumbuyo kuyenera kumira kwambiri. Wake plate imachita zosiyana ndi zimenezo, imanyamula kumbuyo. Mukaitsitsa funde limachepa, mukaikweza yonse boti limangobwerera mmene linalili musanaimange. Chimene chimakokera kumbuyo kwa boti pansi ndi chipangizo china, ngati Wedge ya kampani ya Malibu, phiko lachitsulo limene limalowa m'madzi kuseri kwa boti n'kumalimiza. Apo ayi ndiye kulemera, matumba odzaza madzi, amene lita iliyonse ndi kilogalamu imodzi.

Komatu sikuti pa wakeboard chitsulochi n'chopanda ntchito. Ntchito yake imayamba mukatha kuika kulemerako. Tengani Ski Nautique 2001, mtundu umene unapangidwa kuyambira 1982 mpaka 1989, pakuti 2001 ndi dzina chabe, osati chaka. Mpaka pano okonda wakeboard amaufunafuna chifukwa ndi wopapatiza, ndipo ukalemedwa umatulutsa funde labwino. Koma mukasanjika makilogalamu 300 kumbuyo kwa boti lotere, ponyamuka mphuno imaloza kumwamba, woyendetsa osaona kutsogolo, injini ikubuula, wokokedwa akumwa madzi podikira kuti boti lidzuke. Mukatsitsa chitsulo ponyamuka, boti limadzuka msanga, ndiye mukafika pa liwiro lanu, kaya ndi makilomita 30 kaya 38 pa ola, n'kuchikwezanso. Chimathandizanso kuti boti lisamagwere m'madzi pa liwiro lotsika lokokera ana aang'ono.

Chimasinthanso kaumbidwe ka funde. Chikakwera, funde limakhala loima, loponya munthu m'mwamba mwadzidzidzi. Chikatsika pang'ono, limakhala lotsetsereka ndi lofewa, labwino kwa wophunzira. Ngati pamwamba pa funde pakuchita thovu pamene chingwe chikuthera, kusuntha chitsulo pang'ono nthawi zina kumaliyeretsa. Ana anu adzapeza funde looneka bwino, koma kukula kwake kudzachokera ku matumba aja.

Koma pa maboti atsopano ndimaona chikusintha funde kwambiri. Bwanji pa langa?

Chifukwa mimba ya mabotiwo anaiumba ali ndi chitsulocho m'maganizo. Chitsanzo chodziwika ndi kampani ya Tigé ya ku Abilene m'chigawo cha Texas, imene m'zaka za m'ma 1990 inayamba kumanga chitsulo chake chotchedwa TAPS. Iwo anasiya hook ija n'kupanga mimba yokhota mokwera chakumbuyo, moti boti palokha limakonda kukhalira kumbuyo n'kutulutsa funde lalikulu. Chitsulo ndiye chimabwezeretsa hook pamene mukufuna funde laling'ono. Motero woyendetsa ali ndi mbali ziwiri zosankhapo.

Lanu lakalelo, ngati lili ndi hook, linabadwa litatsitsa kale mphuno. Kumangapo chitsulo n'kuwonjezera pa zimene zilipo kale, ndiye mpata wosinthira ndi wochepa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Boti lili pa ngolo, gonekani chitsulo chowongoka cha mita imodzi kunsi kwa mimba, kuchokera ku khoma lakumbuyo kuloza kutsogolo. Chikagunda kumapeto konse kuwiri koma pakati n'kumaoneka kuwala, imeneyo ndi hook. Chikagunda pakati n'kumagwedera, mimba ndi yokhota mokwera, ndipo boti lotere ndi limene wake plate imalipindulira kwambiri.

Nanga ine wa ski imodzi, wofuna funde laling'ono?

Inu mwayi ulipo, ngakhale si nthawi zonse. Pa mpikisano wa slalom boti limathamanga mpaka makilomita 58 pa ola kwa abambo ndi 55 kwa amayi, wotsetsereka n'kumazungulira maboya 6 amene ali mamita 11.5 kuchokera pa njira ya boti. Chingwe chimayambira pa mamita 18.25 n'kumafupikitsidwa: 16, 14.25, 13, 12, 11.25, kumangotsika. Pochoka pa boya lina kupita pa lina, munthu amadula mizere iwiri ya funde ali pa liwiro loposa la botilo, atapendekera m'mphepete mwa ski. Funde lokwera pang'ono chabe limamveka m'mawondo.

Maboti akale a injini yapakati anawapangira liwiro lomwelo, ndipo pa 55 kapena 58 ambiri funde lawo ndi laling'ono kale. Pamene amavutira ndi pa liwiro lotsika, makilomita 40 mpaka 49, pamene ophunzira, ana ndi achikulire amatsetserekera chingwe chili chachitali. Pamenepo kumbuyo kumamira ndithu, ndipo kutsitsa chitsulo kumaphwetsa funde. Kumasunthanso chitunda cha madzi chimene pulopela imatukula pakati pa mizere iwiri ija, chimene chimakonda kudikirira munthu pa utali wina wa chingwe.

Koma malipiro ake alipo. Mphuno ikatsika, mbali yaikulu ya mimba imakhudza madzi, boti limayamba kuwaza madzi m'mbali, ndipo wa chingwe chachifupi madziwo amamuwomba kumaso. Liwiro lapamwamba limatsikako, mafuta n'kumapita ambiri. Chitunda chija nthawi zina sichichoka, chimangosamukira pa utali wina wa chingwe, kuchoka kwa inu kupita kwa mnzanu. Ine ndikanakhala ndi boti lokokera slalom yokhayokha pa liwiro la mpikisano, sindikanaliboola.

Ndingadziwe bwanji kuti ndikuifunadi ndisanagule?

Yesani kaye ndi kulemera, kumene sikulira ndalama. Ikani matumba a mchenga awiri kapena atatu a makilogalamu 25 kutsogolo kwenikweni, kapena ngati boti lili ndi mipando kutsogolo, uzani munthu mmodzi achoke kumbuyo akakhale kumeneko. Thamangani pa liwiro lanu la masiku onse wina akujambula funde pa foni. Funde likasintha momwe mukufunira, chitsulo chidzachita pafupifupi zomwezo, kungoti chidzatero ndi batani. Likapanda kusintha, sungani ndalama zanu.

Fufuzaninso ngati vuto silili kwina. Kunsi kwa popondapo pa maboti akale anathiramo fomu yoyandamitsa. Ikakalamba imamwa madzi, moti boti limatha kumayenda ndi katundu wobisika mwini wake osadziwa. Kukaliyeza pa sikelo ya magalimoto, kuchotsapo kulemera kwa ngolo, n'kufanizira ndi kulemera kumene opanga analemba, kumaulula. Pulopela yopindika kapena ya msinkhu wolakwika nayo imachedwetsa boti kudzuka. Vuto limene wake plate imalithetsa mosakayikitsa ndi kunjanja, pamene mphuno imakwera ndi kugwa mobwerezabwereza pa liwiro lalikulu madzi ali bata. Kutsitsa pang'ono chabe kumakuletsa.

Kodi khoma lakumbuyo la boti la zaka zoposa 30 lingapirire?

Funso limeneli ndi lalikulu kuposa la mtundu wa chitsulo. Pa boti la injini yopachika, khoma lakumbuyo ndi lochindikala chifukwa limanyamula injini. Pa boti la injini yapakati silinyamula kanthu kolemera kupatula thabwa lokwererapo osambira, ndiye nthawi zambiri ndi lopyapyala, faiba yokhala ndi timatabwa tomatidwa mkati pamene pali mabawuti. Komanso maboti ambiri a nthawi imeneyo mitanda yawo yapansi inali ya matabwa okutidwa ndi faiba. Correct Craft inasiya matabwa pa mitandayi mu 1993. Thabwa lotsekeredwa m'faiba likalowa madzi limawola mwakachetechete kunja kukunyezimira.

Gogodani khoma lonse ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pabwino pamalira mouma, ngo ngo, pamene powola pamangoti phu phu. Masulani bawuti limodzi la thabwa la osambira muone ngati silituluka ndi madzi akuda. Poboola bowo loyamba, yang'anitsitsani utuchi. Ukakhala woyera ndi wouma, pitirizani. Ukakhala wakuda, wonyowa, wonunkha, imani, chifukwa ntchito imene yakupezani tsopano ndi ina, yokonza khoma.

Ngakhale khoma litakhala lamoyo, musadalire masikuluwu ongoluma m'faiba. Pamene pamangidwa ndodo yokankha chitsulo ndi pamene mphamvu yonse imathera. Pamafunika mabawuti odutsa mpaka mkati, ndipo mkatimo mukhale chitsulo china chophwatalala, cha aluminiyamu kapena stainless, chogawa mphamvuyo pamalo otakasuka.

Ndigule yotani, ya manja, ya haidiroliki kapena ya magetsi?

Ya manja ili ndi ndodo ya mazinga imene mumapotokola ndi sipanala boti litaima. Ndi yotsika mtengo, palibe choti chife, ndipo mmisiri wodziwa kuwotcherera stainless ndi argon angakupangireni. Koma simungaisinthe mukuyenda, ndiye phindu lija lotsitsa ponyamuka n'kukweza pambuyo pake palibe. Ndi yoyenera amene akungofuna kuletsa kunjanja, kapena amene amakoka masewera a mtundu umodzi.

Ya haidiroliki, ngati ya Bennett, ili ndi pampu yamagetsi mkati mwa boti ndi kapaipi ka mafuta kopita ku silinda yakunja. Mota siinyowa, koma pamafunika malo ouma oika pampuyo. Ya magetsi, ngati ya Lenco, mota yake ili m'ndodo momwemo. Kumanga kwake n'kosavuta ndipo imayankha msanga, koma madzi akalowa m'ndodomo mumagula ina. Ine ndingasankhe ya magetsi pa boti logona pa ngolo, ya haidiroliki pa logona pamadzi. Kaya mwasankha iti pa ziwirizi, musaumire ndalama ya geji kapena timagetsi tosonyeza pamene chitsulo chili. Chimabisala kunsi kwa thabwa la osambira, simuchiona, ndipo kuiwala kuti chatsika n'kosavuta. Zina zimabwerera zokha mukazimitsa injini, ndipo zimenezo n'zabwino pokweza boti pa ngolo.

Ambiri amangogula trim tab imodzi ya mainchesi 9 kwa 12 kapena 12 kwa 12 n'kuimanga pakati. Zimatheka ngati pakati pa mimba pali pophwatalala. Ngati ndi posongoka moloza pansi, chitsulo chiyenera kupindidwa motsatira mimbayo. Apo ayi makona ake adzatulukira kunsi n'kumakoka madzi nthawi zonse, kapena mukachikweza kuti makona abisale, pakati padzatalikirana ndi madzi.

Kamangidwe kake kamayenda bwanji?

Yambani ndi katoni. Dulani katoni ya msinkhu wa chitsulo, muimate ndi tepi kumbuyo kwa boti, muone zimene ikugundana nazo. Kumeneko n'kopanikizana: mapaipi a utsi, zitsulo zogwira thabwa la osambira, timachubu toyezera liwiro, pena bowo lokhetsera madzi. Tembenuzani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri muone kuti tsigiro silikhudza. Yezani mpata wochokera pansi kukafika pa thabwa la osambira, chifukwa ndodo yokankha imafuna malo oimirira, ndipo pa maboti amenewa thabwalo ndi lotsika. Paja n'chifukwa chake amagulitsanso ndodo zazifupi. Onaninso ngolo, kuti chitsulo chikatsika sichidzagunda choteteza pulopela.

Kenako lowani mkati. Pa boti la injini yapakati, thanki ya petulo kawirikawiri imakhala kuseri kwa mpando wakumbuyo, moyandikana ndi khoma limene mukufuna kuboolalo. Iyenera kusunthidwa, kuti dirilo isaiboole komanso kuti dzanja lifike pa manati. Chotsani waya wa batire musanayambe, ndipo mpweya wa petulo uyambe watuluka, pakuti dirilo imathetheka moto mkati mwake.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa msinkhu wa hinji. Gonekani chitsulo chowongoka chija kunsi kwa mimba chitulukire kumbuyo. Hinji ikhale pamwamba pa mzere umenewo pang'ono, mamilimita 6 mpaka 10 malinga ndi pepala la opanga, ndipo chitsulo chikakwera chonse, mlomo wake wakunja ukhale pamwamba kuposa pamenepo. Cholinga n'chakuti mukachikweza madzi azidutsa osachikhudza, boti libwerere mmene linalili. Mukachimanga molingana ndi mimba, ndiye kuti mwatalikitsa mimbayo mpaka kalekale, ndipo batani lokweza silidzakubwezerani funde lanu lakale.

Poboola, matani tepi pamalopo, yambani dirilo ikuzungulira chobwerera mpaka itadutsa utoto wolimba wakunja wotchedwa gelcoat, ndipo mukatha kulitsani pang'ono mlomo wa bowo kuti utotowo usachite ming'alu pomanga. Pamene mwadutsa thabwa, boolani bowo lokulirapo, mudzaze epoxy, ikauma muboolenso la msinkhu wa bawuti, kuti madzi asadzakhudze thabwalo. Mabawuti akhale a stainless 316, manati okhala ndi nayiloni mkati. Pa guluu, 3M 5200 amagwira moti pochotsa amasenda ndi gelcoat yemwe, ndipo wanthawi zonse amafuna pafupifupi sabata kuti aume. 3M 4200 kapena Sikaflex 291 amatseka madzi bwino lomwe koma amalola kudzamasula. Silikoni wa m'bafa ayi. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, swichi pafupi ndi dzanja limene limawonjezera mafuta, kuti musamachotse maso kutsogolo. Ndipo makona a chitsulo muwapale ndi fayilo akhale obulungira, chifukwa mapazi a ana okwera m'boti amadutsa pomwepo.

Pali choopsa chilichonse poyendetsa?

Chilipo, ndipo sichichenjeza. Mphuno ikalowa kwambiri m'madzi pa liwiro lalikulu, imayamba kuwongolera boti yokha. Mukakhota, kutsogolo kumaluma madzi, kumbuyo kumene kwapepuka kumaterereka, ndipo boti lingazungulire mwadzidzidzi n'kuponya anthu. Tsigiro nalo, kumbuyo kukanyamuka, limayandikira pamwamba pa madzi, moti limatha kukoka mpweya n'kusiya kugwira kwa kamphindi. Choncho liwiro likamakwera chitsulo chizikweranso, ndipo musakhote mwamphamvu chili pansi.

Maboti amenewa ndi aafupi m'mbali, anawapangira madzi abata. Timafunde tating'ono tikamachokera kutsogolo, kutsitsa pang'ono kumathandiza kuti mphuno yosongoka itidule m'malo motimenya ndi mimba. Koma mafunde akakula, kapena akamachokera kumbuyo, chitsulo chikwere chonse, apo ayi mphuno idzabaya funde, madzi n'kukhuthukira mkati. Pa nyanja ya Malawi mwera ukayamba, palibe chitsulo chimene chingasandutse boti la ski kukhala la mafunde. Pitani kumtunda. Pobwerera chambuyo nachonso chikhale chokwera.

Ndipo kudzuka msanga sikuwonjezera katundu amene boti liloledwa kunyamula. Ku America maboti aafupi kuposa mamita 6.1 amakhala ndi kachikwangwani konena kulemera kololedwa, ndipo matumba a madzi amawerengedwa pomwepo pamodzi ndi anthu.

Kodi ingandipatse funde la wakesurf?

Ayi. Funde lotsetserekapo popanda chingwe, pa makilomita 16 mpaka 19 pa ola, limabwera madzi a mbali imodzi akachedwetsedwa kukumana ndi a mbali inayo, monga imachitira Surf Gate imene Malibu inatulutsa mu 2012, kapena zipangizo zomata m'mbali mwa boti. Chitsulo chapakati chimangotalikitsa kapena kufupikitsa funde limene lilipo kale. Komanso pa boti lakale la kabuleta, munthu woyandikira kumbuyo chonchi amapuma carbon monoxide wa mu utsi, mpweya umene sununkha koma umapha.

Tsiku loyamba pamadzi ndichite chiyani?

Musafulumire kumasula boti pa ngolo. Bwezani ngolo mpaka khoma lakumbuyo limire, dikirani mphindi 10, mulowe ndi tochi, mupapase ndi pepala louma pa nati iliyonse. Dontho limodzi ndi chifukwa chokwanira chobwerera kunyumba.

Mukapeza pouma, pitani awiri, m'mamawa madzi ali bata, mutavala majekete oyandamitsa, popanda wokokedwa. Yendani kaye chitsulo chili chokwera chonse muone ngati boti likuyenda monga kale. Ngati liwiro lapamwamba pa GPS ya foni latsika kapena funde lasintha, ndiye kuti hinji yatsika kwambiri kapena ndodo yatalika. Kenako pa makilomita 30 tsitsani pang'onopang'ono, kudina kamodzi n'kudikira, popeza boti limachedwa kuyankha ndipo ambiri amadina mopitirira. Khotani mofatsa mbali zonse ziwiri. Kwerani pa 40, pa 50, mubwereze zomwezo. Pamene chiwongolero chayamba kulemera, kapena mphuno yayamba kusakasaka kumanja ndi kumanzere, amenewo ndiwo malire a liwiro limenelo. Lembani pa tepi pafupi ndi geji. Zikatero ndi pamene mungaitane wotsetsereka, ndipo iyeyo ndi amene anene ngati funde lakoma, chifukwa woyendetsa ali pampando saliona bwino.

Nanga kusamala kwake?

N'kochepa. Mukayenda maulendo angapo oyamba, bwerezani kumanga manati. Ngati chitsulo ndi cha aluminiyamu koma mabawuti ndi a stainless, ziwirizi zikakhalitsa m'madzi aluminiyamu ndi amene amadyeka, ndiye pakati pake pakhale mawashala a pulasitiki. Boti logona pamadzi limafuna kachitsulo kodyedwa m'malo mwa zinazo, kotchedwa anode: ka zinc m'madzi amchere, ka magnesium m'madzi opanda mchere ngati a nyanja ya Malawi kapena Kariba. Kasapakidwe utoto, chifukwa kakatero kamasiya kugwira ntchito. Poimika boti nthawi yaitali, chitsulo chikhale chokwera kuti ndodo ya magetsi ibisale mkati, ndere zisamerepo n'kudzang'amba labala lotseka madzi.